Mtanda ndi Sikelo: Chikhristu ndi Malonda m'Chigwa cha Phalombe

Pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi pali mpata umene lero timangoti pa Fort Lister. Msewu wake ndi wokwera movuta, ndipo amene amaudziwa bwino ndi anyamata okankha njinga zolemedwa ndi matumba kuchokera cha ku Nkhulambe ndi kumalire a Mozambique. M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 mpata umenewu unali njira ya malonda aakulu kuposa onse m'dera lino, ndipo katundu wake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Akapolo ankadutsa pamenepa magoli ali m'khosi, kulowera kunyanja yamchere cha ku Quelimane, ndipo amalonda pobwerera ankabwera ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Mafumu a Chiyao monga Matipwiri ndi Mkanda anakhazikika m'mphepete mwa mapiriwa chifukwa cha njira imeneyi. Atsamunda anamanga linga pampatapo mu 1893 kuti aitseke, ndipo Matipwiri anagonjetsedwa mu 1895. Chikhristu chitafika kuno chinapeza malonda alipo kale, ndipo chinabwera chikulonjeza malonda ena abwino olowa m'malo mwa akalewo.

Mwini lonjezolo anali David Livingstone. Mu Disembala 1857 anauza ophunzira a ku Cambridge kuti akubwerera ku Africa kukatsegula njira ya malonda ndi Chikhristu, ziwirizo ziyendere limodzi. Maganizo ake anali akuti mfumu ikapeza phindu pogulitsa thonje idzaleka kugulitsa ana a anzake. Mu Epulo 1859 anafika ku nyanja ya Chilwa ndi John Kirk, naona chigwa chathuchi ndi Mulanje ali chakummwera. Patapita zaka ziwiri, mu 1861, anaperekeza Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake ku Magomero, kumadzulo kwa chigwachi, kumene anamanga mishoni yoyamba. Nkhondo, njala ndi malungo zinaithetsa msanga. Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862 ndipo otsalawo anasamuka. Koma dzina la Magomero tilisunge, pakuti likubweranso.

Amalonda a ku Glasgow amene ankathandiza mishoni za Livingstonia ndi Blantyre anayesa kulisandutsa lonjezo lija kukhala kampani. Mu 1878 anakhazikitsa imene inadzatchedwa African Lakes Company, imene tonse tinaidziwa ndi dzina loti Mandala, naiika m'manja mwa abale awiri, John ndi Frederick Moir. Awa anali anthu opemphera ndithu, ndipo kampani yawo inayamba ndi lamulo lokana kugulitsa mowa waukali kwa anthu akuda, pamene m'madera ena a Africa mowa wotere ndiwo unkalemeretsa azungu. Izi n'zoyamika. Koma thonje la Livingstone silinabwere msanga, ndipo katundu yekhayo amene akanalipira ulendo wautali wa ku Quelimane anali minyanga. Minyangayo inali m'manja mwa amalonda omwewo amene ankagulitsa akapolo. Choncho kampani imene inabadwira kuthetsa ukapolo inapezeka ikugula kwa eni ukapolowo, mpaka ku Karonga zinthu zinafika pankhondo ndi Mlozi mu 1887. Apa mpamene vuto la Mkhristu wochita malonda linayamba kuonekera m'dziko muno: kukana tchimo looneka ngati botolo la mowa nkosavuta, koma kufunsa kumene kwachokera phindu lako kumafuna mtima wina.

Nkhani yowawa kwambiri ndi ya banja la Livingstone lenilenilo. Mwana wake wamkazi, Agnes, anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh, mmodzi mwa akuluakulu a African Lakes, munthu amene ankakhulupirira ntchito ya apongozi ake. Bruce anagula malo aakulu zedi ku Magomero, maekala oposa 160,000, ndi ena ocheperapo ku Likulezi, m'dera limene lero lili m'boma la Phalombe. Anamwalira mu 1893, ndipo malowo anadzagwera m'manja mwa ana ake, makamaka Alexander Livingstone Bruce. Woyang'anira ku Magomero anali William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia.

Nthawi yomweyo ndi imene makolo athu a Chilomwe ankawoloka kuchokera ku Mozambique, mabanja ndi mabanja, kuthawa msonkho, njala ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anafika opanda malo, opanda mfumu yowayankhulira, ndipo eni esiteti anawalandira ndi manja awiri chifukwa khofi anali atalephera ndipo thonje ndi fodya zimafuna manja ambiri. Mtengo wa kukhala pamalopo unali thangata. Munthu ankagwira mwezi umodzi wolipirira malo ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, koma wowerenga masiku anali kapitawo ndi bwana wake. Tsiku limene sunamalize ndime yako silinkalembedwa pa tikiti. Mwezi unkatalika kufika masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, ndipo unkagwa nthawi yadzinja, pamene munda wako womwe ukufuna khasu. Malipiro ena ankaperekedwa ngati fodya m'malo mwa ndalama. Amayi amasiye, amene mwalamulo sankayenera kugwira, ankagwiritsidwa ntchito. Ndipo pamalo a mdzukulu wa Livingstone, sukulu ndi matchalitchi zinali zoletsedwa. Akhristu a m'midzimo akamanga kachisi wa udzu, kachisiyo ankatenthedwa.

Ndikaganiza za zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa kuba kwa pa Magomero kunali kuba kwa m'kawerengedwe. Panalibe magoli monga pa Fort Lister. Panali buku, pensulo ndi tikiti, ndipo wolembayo ankadziwa kuti wolembedwayo sangathe kutsutsa.

Koma m'zaka zomwezo munabadwanso mtundu wina wa wamalonda wa Chikhristu, ndipo ameneyu ndiye kholo lenileni la aliyense amene lero ali ndi golosale pa Migowi kapena pa Chiringa nakhalanso mkulu wa mpingo. Joseph Booth anafika mu 1892 atagulitsa bizinesi yake ku Melbourne, nayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi. Iye ankafuna mishoni yodzidyetsa yokha ndi ulimi, ndipo ankalipira antchito ake ndalama zambiri kuposa azungu anzake, chinthu chimene chinamudanitsa ndi alimi ndi amishoni omwe. Wantchito wake wa m'nyumba, John Chilembwe, anapita naye ku America mu 1897, naphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, nabwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, ku Chiradzulu, pafupi ndi malire a esiteti ya Bruce. Ambiri mwa amene anabatizidwa kumeneko anali Alomwe a pathangata.

Timamukumbukira Chilembwe chifukwa cha masiku ochepa a Januwale 1915, koma zaka khumi ndi zinayi zam'mbuyo mwake anazithera pa ntchito ina. Ankalima, ankaphunzitsa anthu kusunga ndalama, kupewa mowa, kuvala mwaukhondo ndi kugwira ntchito ya manja awo. Mayi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi kusoka. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene chinatha mu 1913 chinali umboni wakuti munthu wakuda angathe kumanga chake. Mu 1909 iye ndi anzake anayambitsa bungwe la Natives' Industrial Union, lofuna kuti Akhristu akuda ochita malonda ndi ulimi azithandizana ndi kuyankhula ndi liwu limodzi. Pakati pa anthu a m'badwo umenewu panali Joseph Bismarck, amene anali ndi malo ake pafupi ndi Blantyre. Panalinso Duncan Njilima, mwini masitolo amene anatumiza ana ake kukaphunzira ku America. Panalinso John Gray Kufa, mmodzi mwa madikoni oyamba amene David Clement Scott anawasankha ku Blantyre, wodziwa ntchito ya chipatala, amene anakalalikirako kwa Alomwe ku Mozambique nadzakhala ndi munda wake ku Nsoni.

Anthu amenewa anachita zonse zimene amishoni anawaphunzitsa. Anaphunzira kuwerengera, anasiya mowa, anagula malo, analemba antchito, anapereka kumpingo. Chimene anapeza nchakuti khomo linali lotseka. Malamulo a atsamunda ankachepetsa ngongole imene munthu wakuda angatenge kwa ogulitsa katundu wopikulitsa, pamene Mmwenye woyandikana naye ankadzaza sitolo yake pangongole. Mzungu ankayembekeza kuti mwini sitolo, ngakhale mbusa, avule chipewa akakumana pamsewu. Chilembwe mwiniwake anamira m'ngongole m'zaka zake zomaliza. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira Magomero napha Listonia ndi azungu ena awiri. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale akuthawira kumalire a Mozambique, m'boma la Mulanje la nthawi imeneyo, limene Phalombe inali mbali yake mpaka 1998. Kufa ndi Njilima anaphedwa ndi boma, ndipo tchalitchi cha ku Mbombwe chinaphulitsidwa. Anthu angatsutsane ngati kunali koyenera kuti mbusa atenge mkondo, ndipo Bismarck sanalowe nawo m'nkhondoyo. Chimene sichingatsutsidwe nchakuti m'masabata ochepa dziko lino linataya ena mwa amalonda ake oyamba a Chikhristu, ndipo amene anatsala anaphunzira kukhala chete. PIM inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malekebu, ndipo thangata linakhalabe mpaka lamulo la 1962.

Kwa zaka zambiri pambuyo pake, sitolo ya patauni yaing'ono inali ya Mmwenye, ndipo Mkhristu wa kuno ankakhala telala pakhonde pake, kapena kalipentala, kapena wogula matemba ku Chilwa nkukagulitsa kumaesiteti a tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Malonda a nsombawa analera mabanja ambiri ndipo anaphunzitsa anthu kuti chuma cha kuno sichikhalitsa: nyanja inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Kamuzu Banda linalamula Amwenye kuchoka kumidzi kukakhala m'mizinda ikuluikulu, kuti Amalawi atenge malo awo. Ena anatengadi, koma masitolo ambiri anangotsala mabwinja, chifukwa nyumba yokha si malonda popanda mpamba ndi wokukongoza katundu. Mbewu za alimi zinkagulidwa ndi ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971, pamtengo umene boma lanena. Nthawi yomweyi mpingo wa Katolika unathandiza kufalitsa magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, amene anadzagwirizana mu 1980 kupanga MUSCCO. Imeneyi inali yankho la Chikhristu ku vuto lomwe lija la Njilima, la munthu wakhama wosowa pokongola.

Pali gulu lina limene mbiri ya chikhulupiriro ndi malonda m'dera lino singalidumphe, kaya munthu amagwirizana ndi chiphunzitso chawo kapena ayi. A Mboni za Yehova anakana kugula makadi a chipani. Analetsedwa mu 1967, ndipo msonkhano waukulu wa chipani cha MCP wa 1972 unagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kuti malonda a amene amadzilemba okha afooketsedwe. Kadi inali ya ndalama zochepa kwambiri, koma anthu anataya masitolo, makina osokera, minda ndi miyoyo chifukwa cha iyo. Ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo zikwizikwi anakathera m'misasa ya ku Carico m'boma la Milange, kutsidya kwa malire athuwa. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Pakati pa Akhristu onse a m'dziko muno, awa ndi amene anaonetsa poyera kuti pali mtengo umene munthu angakane ngakhale sitolo itapita.

Mipingo ikuluikulu inayankhula mochedwa, koma itayankhula dziko linagwedezeka. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika, mmodzi wa iwo Ambuye James Chiona a ku Blantyre, inawerengedwa m'matchalitchi onse. Timaikumbukira chifukwa cha ndale za zipani zambiri, koma mbali ina ya kalatayo inali ya malonda enieni: malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika imene mlimi amapatsidwa pa mbewu zake, ndi phompho lokula pakati pa olemera ndi osauka. Ku Phalombe mawu amenewa anagwera anthu amene chaka chimodzi m'mbuyomo, mu Malichi 1991, anali ataona napolo akutsika m'phiri la Michesi ndi miyala ndi matope, kupha anthu mazanamazana ndi kukokolola nyumba, minda ndi masitolo.

Kuyambira 1987, pamene boma linalola anthu wamba kugula mbewu kwa alimi, sikelo inachoka m'manja mwa mzungu ndi m'manja mwa boma, nilowa m'manja mwathu. Apa mpamene nkhaniyi yafika lero, ndipo apa mpamene ndikufuna kuima pang'ono. Nandolo akauma cha m'Ogasiti, m'mbali mwa msewu mumadzaza mavenda. Sikelo ya ndowe imapachikidwa panthambi ya mtengo kapena pamitengo itatu yomangidwa pamwamba, tenti itayalidwa pansi. Mayi amafika ndi thumba pamutu, kapena mnyamata wa kabaza amamutsitsira. Wamupunthira yekha nandoloyo, wapeta, wasankha, ndipo m'mutu mwake wawerengera kale fizi ya mwana ndi feteleza wa chaka chamawa. Thumba likapachikidwa, muvi wa sikelo umagwedera, ndipo wogula amatchula nambala muviwo usanakhazikike. Amachotsapo kilo ya thumba, amachotsaponso ina akuti ya zinyalala, ndipo ngati chitsulo cha mkati anachikonzeratu usiku, makilo ena atayika thumba lisanafike nkomwe. Mayiyo amayang'ana nkhope ya wogula, osati sikelo, chifukwa nambalazo zili kumbali ya wogulayo. Ndalama zimene amalandira ndi ma K2000 ndi ma K500, onse okhala ndi nkhope ya Chilembwe.

Wogula uja nthawi zambiri si mlendo. Ndi mnzathu wa mumpingo, wa kwaya, mwina msungichuma wa mphakati, ndipo akafunsidwa amayankha ndi mawu amene tonse tinawazolowera, akuti pamalonda palibe chibale, kapena akuti malonda ndi m'maso. Iyenso ali ndi dandaulo lake loona. Mpamba wake ndi wa katapila kapena wa bwana wa ku Limbe amene adzamuyezerenso pa sikelo ina, ndipo alimi ena amathira mchenga kapena kunyowetsa mbewu kuti zilemere. Chinyengo chimayenda uku ndi uku. Komatu tikiti ya Listonia ndi sikelo yokonzedwa ndi tchimo limodzi, kulemba zochepa kwa munthu amene sangathe kutsutsa, ndipo nkosayenera kuti tizilira thangata pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe, kenako nkulichita tokha m'Ogasiti. Buku Lopatulika, limene lakhala m'chinenero chathu lathunthu kuyambira 1922, silinena mozungulira pankhani imeneyi. Miyambo mutu 11 imayamba ndi muyeso wonyenga, Amosi mutu 8 akudzudzula amalonda amene amaona Sabata kuchedwa kutha kuti akachepetse muyeso, ndipo Yakobo mutu 5 akunena za malipiro a okolola amene mwini munda anawabisa.

Chaka cha 2017 chinaonetsa zimene zimachitika anthu akasiya kukhulupirirana. Nandolo wathu wambiri amapita ku India, ndipo mu Ogasiti chaka chimenecho dziko la India linachepetsa kwambiri nandolo wolowa kuchokera kunja. Mtengo unagwa pansi, alimi amene anakulitsa minda chifukwa cha mitengo yabwino ya chaka chathacho anatsala ndi matumba m'nyumba, ndipo ambiri sanamve za India, anangoona venda akutchula mtengo wachipongwe. Patangopita milungu yochepa, mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu anaphedwa, alendo ndi anthu ochita bwino anakayikiridwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwa. Sindikunena kuti nandolo ndiye anabala mphekeserazo. Ndikunena kuti kumene anthu akhala akuyezeredwa monyenga kuyambira nthawi ya agogo awo, chuma cha mnzawo sachiona ngati chipatso cha thukuta. Amati wakhwima, ali ndi chizimba, wadyera ena. Wamalonda woona mtima amalipira nawo mlandu wa anzake onyenga, ndipo alaliki amene amalonjeza chuma chodzidzimutsa kwa wopereka kwambiri sakuthandiza, pakuti nawonso akuphunzitsa kuti chuma chimadza mwachinsinsi.

Pali zolimbikitsa, ndipo zambiri zili m'manja mwa amayi. Kuno ndi kwa chikamwini, munda ndi wa mayi, ndipo amayi a Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati ndi omwewonso amene amakhala pamphasa ya banki m'khonde. Kumeneko bokosi limatsegulidwa onse akuona, ndalama zimawerengedwa mokweza, ndipo buku limalembedwa pamaso pa eni ake. Mlembi sangatalikitse mwezi wa munthu. Namondwe wa Freddy atagumula midzi mu Malichi 2023, nkudula misewu ya ku Nkhulambe, funso la wamalonda aliyense amene anatsala ndi ufa, mchere ndi sopo linali lakale lomwe lija la mtengo umene angatchule kwa munthu wopanda kwina kopita. Amene anatsegula kabuku ka ngongole m'malo mokweza mtengo, anansi awo amawadziwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mabwalo a mipingo yathu. Timamva kawirikawiri za Mkhristu woimitsidwa chifukwa cha mowa, mitala kapena mimba ya pathengo, koma mlandu wa sikelo, wa katapila kapena wa mnyamata wa m'chigayo amene sanalipidwe miyezi itatu sufika kawirikawiri pamaso pa akulu a mpingo, mwina chifukwa wolakwayo ndi amene anagula malata a tchalitchi. Ntchitoyo taisiyira a Malawi Bureau of Standards, amene amayendera misika kuona masikelo ndi kulanda okonzedwa, ndi unduna wa zamalimidwe umene umalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka. Koma oyendera ndi ochepa, ndipo mavenda amasamuka ndi sikelo zawo m'thumba, pamene mpingo uli m'mudzi uliwonse ndipo umadziwa wogula ndi wogulitsa ndi maina awo. Mpingo ungathe kugula sikelo yake yovomerezeka nkuiika pabwalo la tchalitchi nyengo yokolola, kuti mlimi ayeze thumba lake asanapite nalo kumsewu. Ngakhale paketi ya shuga ya kilo imodzi yosatsegula, itapachikidwa pa ndowe wogula asanayambe ntchito, ingaonetse onse amene ali pamzere ngati muviwo ukuima pamene uyenera kuima.